Masamba Olembedwera Google

Mu Febuluwale 2011, nyuzipepala ya pa intaneti ya Huffington Post inatulutsa nkhani imene mutu wake unali funso chabe: kodi masewera a Super Bowl, fainolo ya mpira wa ku America, ayamba nthawi yanji? Yankho lake likanakwana mzere umodzi. Koma nkhaniyo inayamba ndi kundandalika njira zosiyanasiyana zimene anthu amalembera funso lomweli pa Google, ndi kalembedwe kolakwika komwe, kuti aliyense wofunsa, kaya walemba mothamanga kaya waphonya chilembo, agwere pa tsamba lawo. Atolankhani anzawo anaiseka. M'zaka zotsatira, nyuzipepala zina zambiri zinayamba kulemba zawo zotero.

Nkhani imeneyi ndi yovuta kuiweruza. Amene ankafuna nthawi ya masewera anaipeza. Palibe anabedwa, palibe ananamizidwa. Komabe woiwerenga amamva ndithu kuti china chake chapotoka, chifukwa nkhaniyo sinalembedwere iye. Inalembedwera makina, iye wangopezekapo.

Ntchito imeneyi amaitcha SEO, chidule cha search engine optimization. Ndi kukonza tsamba la pa intaneti kuti makina osakira zinthu, monga Google ndi Bing, alione msanga, alimvetse, n'kuliika pamwamba pa anzake. Pali anthu ambirimbiri amene amadyera pomwepa, ndi makampani awo ndi misonkhano yawo ya chaka ndi chaka. Mkangano woti anthuwa amathandiza makinawo kapena amawawononga unayamba kale, m'zaka za m'ma 1990. Ine ndimaona kuti amawathandiza kuwerenga intaneti, koma amaipitsa zimene makinawo akuwerengazo. Ndipo kuipitsa kwakukulu sikunachokere kwa akathyali ayi, kunachokera kwa anthu omvera malamulo.

Zabwino zake zilipo, ndipo onyoza SEO amakonda kuzilumpha. Pulogalamu imene Google imatuma kuyendera masamba, Googlebot, siona ngati ife. Imatsata malinki, n'kumawerenga zolembedwa m'kati mwa tsamba. Tayerekezani chipatala chimene chalemba nthawi yotsegulira papepala, chajambula pepalalo, n'kuika chithunzicho pa webusaiti yake. Mutu wa tsambalo ndi "Home" basi, ndipo palibe tsamba lina lolozera kumeneko. Mayi amene mwana wake watentha thupi usiku asaka nthawiyo pa foni koma saipeza, pomwe ilipo. Wina akabwera n'kuilemba nthawiyo m'mawu enieni, n'kupatsa tsambalo mutu wotchula dzina la chipatala ndi dera lake, n'kupepukitsa chithunzi chija kuti tsamba lizitseguka msanga ngakhale netiweki ili yofooka, wachita SEO. Angamudzudzule ndani?

Eni makinawo amadziwa bwino kuti amawafuna anthu otere. Mu 2005 Google inayambitsa ma sitemap, mndandanda umene mwini webusaiti amapereka kuti makina adziwe masamba ake onse, ndipo mu 2006 Yahoo ndi Microsoft, amene nawonso anali ndi makina awo osakira, anaivomera njirayo. Mu 2008 Google yomweyo inatulutsa kabuku kophunzitsa SEO kwa ongoyamba kumene. Mu 2011 makampani atatuwa, amene ndi opikisana, anagwirizana pa schema.org, kuti mwini tsamba azitha kuuza makina kuti iyi ndi adiresi, ili ndi tsiku, ili ndi dzina la wolemba. Mu 2014 Google inalengeza kuti masamba otetezedwa ndi HTTPS aziwakondera pang'ono, ndipo mu 2015 inanena zomwezo za masamba owerengeka bwino pa foni. Akatswiri a chitetezo anali atachonderera eni mawebusaiti kwa zaka, ambiri osalabadira. Zitangomveka kuti nkhaniyi ikhudza malo pa Google, a SEO anakhala pakhosi mabwana awo mpaka ndalama zinatuluka. Panalinso zifukwa zina zimene zinasinthitsa zinthu, koma ichi chinali chimodzi mwa izo. Kunena mosapsatira, a SEO ndi antchito a Google amene malipiro awo amachokera m'thumba la munthu wina.

Vuto limayamba pofika posankha kuti loyamba likhale liti. Makina sadziwa ngati tsamba ndi labwino. Sangayese mankhwala kuti aone ngati malangizowo ndi oona. Amangoyang'ana zizindikiro zimene kawirikawiri zimayenda limodzi ndi ubwino. Tsono chizindikiro chikangodziwika, anthu amayamba kupanga chizindikirocho, ubwino wake n'kuusiya. Katswiri wa zachuma wa ku Britain, Charles Goodhart, anaona zoterezi mu 1975 pa kayendetsedwe ka ndalama, ndipo mfundo yake masiku ano imanenedwa chonchi: muyeso ukasanduka cholinga, umasiya kuyeza bwino. Mbiri yonse ya makina osakira yayenda m'njira imeneyi.

Makina oyambirira, monga AltaVista imene inayamba mu 1995, ankadalira kwambiri mawu a pa tsamba lenilenilo, ndi mawu amene mwini tsamba ankalemba mobisika pofotokoza zimene tsamba lake likunena. Zinali ngati kumufunsa munthu kuti adzichitire yekha umboni. Posakhalitsa anthu anayamba kubwereza mawu amodzi kambirimbiri pansi pa tsamba, zilembo zoyera pamalo oyera, kuti munthu asaone koma makina awerenge. Chizindikiro chimenechi chinafa. Mu 2009 Google inanena poyera kuti mawu obisika ofotokoza tsamba aja siiwawerengera n'komwe.

Larry Page ndi Sergey Brin, ali ophunzira ku yunivesite ya Stanford ku America, anabwera ndi nzeru ina imene anaitcha PageRank: tsamba lisadzichitire umboni lokha, alichitire ndi ena. Linki iliyonse yochokera ku tsamba lina ikhale voti, ndipo voti yochokera ku tsamba lodalirika ilemere kuposa zina. Mu 1998, chaka chimene Google inakhazikitsidwa, nzeruyi inagwira ntchito modabwitsa, pa chifukwa chimodzi chimene ambiri amaiwala. Anthu amene analemba malinki a nthawi imeneyo sankadziwa kuti akuvota. Mphunzitsi ankaloza ku tsamba la mnzake chifukwa linamuthandiza, basi. Umboniwo unali woona chifukwa panalibe phindu pa kunama.

Phindu litapezeka, malinki anasanduka malonda. Anayamba kugulidwa, kusinthanitsidwa, kubzalidwa ndi mapulogalamu m'malo alionse amene mlendo amaloledwa kulembapo. Mu 2005 Google, Yahoo ndi Microsoft anachita kupanga chizindikiro chotchedwa nofollow, chouza makina kuti linki iyi musaiwerenge ngati voti. Mu 2007 Wikipedia ya Chingerezi inaika chizindikirochi pa malinki ake onse otulukira kunja. Taganizirani: malo amene anthu ambiri amawadalira pofuna umboni anasiya kuvota, chifukwa voti yawo inali itakopa akuba.

Mu Novembala 2010, New York Times inalemba za Vitaly Borker, wogulitsa magalasi a maso pa intaneti, amene ankaopseza ndi kutukwana makasitomala ake. Iye anauza mtolankhani kuti madandaulo awo amamupindulitsa, poti aliyense wolemba za nkhanza zake amatchula sitolo yake, ndipo amakhulupirira kuti zimenezi zimamukweza pa Google. Patangopita masiku ochepa Google inalengeza kuti yasintha ndondomeko yake, ndipo mkuluyo pambuyo pake anamangidwa. Mu Febuluwale 2011 nyuzipepala yomweyo inaulula kuti sitolo yaikulu ya JCPenney inkakhala yoyamba pa zinthu zambirimbiri, madiresi, zofunda, makapeti, chifukwa cha malinki masauzande obzalidwa pa mawebusaiti osagwirizana n'komwe ndi malondawo. Sitoloyo inati sinkadziwa, n'kuchotsa kampani imene inkaichitira SEO.

Chilango chinabwera, koma taonani kutalika kwake. JCPenney inatsitsidwa kwa miyezi pafupifupi itatu. Webusaiti ya BMW ya ku Germany, imene inachotsedwa pa Google mu 2006 chifukwa choonetsa makina masamba ena, anthu masamba enanso, inabwerera patangotha masiku ochepa. Mu 2012 Google inachita kudzilanga yokha, kutsitsa tsamba la Chrome, pulogalamu yake yotsegulira intaneti, kwa masiku 60, atapezeka malinki olipiridwa pa kampeni yotsatsa pulogalamuyo. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Munthu akasaka BMW n'kusaipeza BMW, amene waoneka wolephera ndi Google. Choncho akuluakulu amalangidwa mwaulemu, ang'onoang'ono ndi amene amafafanizidwa.

Mu Epulo 2012 kusintha kwa ndondomeko ya Google kotchedwa Penguin kunayamba kulanga malinki ogulidwa, ndipo zinthu zinatembenuka moseketsa. Anthu omwe aja ankapempha malinki anayamba kulemba makalata opempha kuti malinkiwo achotsedwe, ena mwa eni mawebusaiti n'kumalipiritsa kuchotsako. Mu Okutobala chaka chomwecho Google inapanga chida chokanira malinki amene mwini tsamba sakuwafuna. Lero linki yolembedwa ndi mtima umodzi, yongoti "kawerengeni apa, ndi pabwino," yasowa. Mawebusaiti ambiri akuluakulu amaumira kuloza kunja poopa kupatsa mnzawo mphamvu. A Google okha akhala akunena kuti malinki salemeranso monga kale.

Komatu zonsezi ndi nkhani za akathyali, ndipo akathyali amagwidwa. Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri chilibe mlandu uliwonse.

Yesani nokha. Lembani funso wamba, monga chifukwa chimene foni ikukanira kutchaja, mutsegule masamba angapo oyambirira. Loyamba liyamba ndi kukuuzani kuti masiku ano foni ndi chinthu chofunika pa moyo wa munthu, ngati kuti simukudziwa. Kenako kamutu: kodi batire ndi chiyani? Kamutu kena: mitundu ya machaja. Chimene mukufuna, choti mwina fumbi latseka pobayira chaja ndipo mulichotse mosamala, chili pansi penipeni, mutadutsa zotsatsa malonda zingapo ndi kavidiyo kodziyambitsa kokha. Kumapeto kuli mafunso amene akuti anthu amafunsa kawirikawiri, amene kwenikweni akopedwa pa mafunso amene Google imaonetsa pa tsamba lake. Tsegulani lachiwiri: timitu tomweto, dongosolo lomwelo, mawu okha ndiwo asinthidwa. Lachitatu chimodzimodzi.

Kufananaku sikwangozi. Wolembayo anapatsidwa malangizo ochokera ku zida monga Ahrefs kapena Semrush, zimene zimaonetsa mawu amene anthu akusaka ndi masamba amene ali pamwamba. Amauzidwa kuti aone masamba khumi oyamba, atenge mitu yonse imene yatchulidwamo, alembe lake lotalikirapo pang'ono. Mwina sanatsegulepo foni m'kati chibadwire. Palibe lamulo limene waswa. Sanagule linki, sanabise mawu, zimene walemba si zabodza. Wangopanga tsamba lofanana ndi zimene Google inasankha dzulo, ndipo mawa wina adzakopera kwa iye. Potsiriza makina aja amene ntchito yake inali kufufuza zimene anthu akudziwa amangowerenga zosankha zawo zomwe, zitabwezedwa m'mawu ena.

Kampani ya Demand Media, eni ake a eHow, webusaiti ya nkhani zophunzitsa kachitidwe ka zinthu, ndiyo inaonetsa kuti zimenezi zingachitike ngati fakitale. Pulogalamu inkasankha mitu poona zimene anthu akusaka ndi mtengo wa zotsatsa pa mawuwo, olemba aganyu n'kumalipidwa madola pafupifupi 15 pa nkhani. Mu Febuluwale 2011 Google inayankha ndi kusintha kotchedwa Panda, kumene kunakhudza pafupifupi 12 peresenti ya zosaka ku America. Mafakitale aja anagwa, koma kaganizidwe kake kanalowa m'nyuzipepala ndi m'magazini olemekezeka, kumene n'kovuta kukalanga.

Izi zimaonekera bwino pa nkhani zoyamikira katundu, zija zoti "makina khumi abwino kwambiri a chakutichakuti", poti mwini tsamba amalandira kenakake inu mukagula kudzera pa linki yake. Mu 2024 ofufuza a ku mayunivesite a Leipzig ndi Weimar ku Germany anatulutsa zotsatira za kafukufuku wa chaka chathunthu pa zosaka 7,392 za mtundu umenewu pa Google, Bing ndi DuckDuckGo. Anapeza kuti masamba okhala pamwamba ndi amene akonzedwa kwambiri ndi SEO, odzadza malinki amalonda, ndipo zolembedwa zake ndi zotsikirapo. Anaonanso kuti makinawo akasintha ndondomeko zinthu zimakhalako bwino kwa kanthawi, kenako zinyalala zimabwerera. Chaka chomwecho kawebusaiti kakang'ono ka HouseFresh, kamene kamagula makina oyeretsa mpweya n'kuwayesa kokha, kanadandaula poyera kuti kakukwiriridwa ndi magazini otchuka amene akulemba za katundu popanda umboni woti anamuyesadi. Dzina lalikulu linali litasanduka chizindikiro cha kudalirika, ndiye dzinalo nalonso linayamba kubwerekedwa.

Palinso kuwononga kochokera ku mphekesera. Popeza Google siulula mmene imayezera, gawo lalikulu la SEO ndi kulosera, ndipo cholosera chikafalikira chimatsatidwa ngati lamulo. Mu 2023 zinadziwika kuti CNET, webusaiti yakale ya nkhani za makompyuta, yafufuta nkhani zake zakale masauzande pofuna kuoneka yatsopano pamaso pa makina. Mneneri wa Google pa zosaka pa nthawiyo, Danny Sullivan, anayankha kuti Google siida nkhani chifukwa choti ndi yakale. Koma nkhanizo zinali zitapita. Sullivan ameneyu, mwa njira, ndi munthu amene anayambitsa Search Engine Watch, webusaiti ya nkhani za makina osakira, mu 1997, n'kukhala zaka 20 akulemba za makinawa ali kunja, asanalembedwe ntchito ndi Google mu 2017. Mpanda wa pakati pa mbali ziwirizi si wautali monga ena amaganizira.

Owerenga anapeza okha njira yozembera. Ambiri anayamba kuwonjezera mawu oti "reddit", dzina la webusaiti imene anthu wamba amakambiranapo nkhani zosiyanasiyana, kumapeto kwa funso lawo, pofuna kumva munthu weniweni amene anagula chinthucho n'kukhumudwa nacho. Google inaona, inayamba kukweza Reddit, ndipo mu 2024 makampani awiriwa anachita mgwirizano umene malipoti anati ndi wa madola 60 miliyoni pa chaka. Mungathe kulosera chimene chinatsatira: otsatsa malonda anayamba kulowa m'zokambiranazo atavala nkhope ya makasitomala wamba.

Ndisamveke ngati ndikuimvera chisoni Google. M'pepala limene Brin ndi Page analemba mu 1998 muli ndime yochenjeza kuti makina osakira amene amadalira ndalama za otsatsa adzakondera otsatsawo m'malo mwa anthu osaka. Mu 2023 kampani yawo inapeza madola pafupifupi 175 biliyoni kuchokera ku zotsatsa za pa zosaka ndi zina zoyandikana nazo. Zotsatsa zimene kale zinkakhala pa mtundu wakewake wosiyana ndi zotsatira zenizeni, lero zimasiyana nazo ndi kamawu kamodzi. Masamba ambiri otalika mopanda pake aja amatalikitsidwa kuti mukwane zotsatsa zambiri, ndipo zambiri mwa zotsatsazo zimadutsa m'manja mwa Google yomweyo. Kampani imene ikudandaula za zinyalala imalandira gawo lake pa zinyalalazo.

Kukhulupirirana nakonso kunatha. Kwa zaka zambiri a SEO ankakayikira kuti Google imawerengera mmene anthu amadinira zotsatira, pomwe aneneri ake ankaichepetsa nkhaniyo. Pa mlandu wa boma la America ndi Google, mmodzi mwa akuluakulu a kampaniyo, Pandu Nayak, anachitira umboni za pulogalamu yotchedwa Navboost, imene imadaliradi kudinako. Mu Meyi 2024 zikalata za m'kati mwa kampaniyo zinatulukira poyera, akatswiri a SEO Rand Fishkin ndi Mike King n'kuzifotokoza, ndipo zinatchula zinthu zina zimene anthu anauzidwa kuti kulibe. Pano ndimaimvetsa Google pang'ono: ikaulula chizindikiro, chizindikirocho chafa. Koma amene wabisiridwa kamodzi sakhulupiriranso malangizo oti "ingolembani zothandiza anthu, zina zonse zitsatira."

Pamsika wopikisana bwino, makina odzadza zinyalala akanathawidwa, monga mmene AltaVista inathawidwira. Koma Google ili ndi pafupifupi 90 peresenti ya zosaka zonse padziko. Mu Ogasiti 2024 woweruza Amit Mehta anagamula kuti kampaniyi yasunga ufumu wake mosemphana ndi malamulo, ndipo pa mlanduwo zinadziwika kuti mu 2021 mokha inalipira madola 26.3 biliyoni kuti ikhale makina oyamba m'mafoni ndi m'mapulogalamu otsegulira intaneti. Ndiye tikati SEO ikuwononga makina osakira, tifunsenso kuti ululu wake akuumva ndani. Kampaniyo ikulemerabe chaka ndi chaka. Amene akumva m'bebe ndi wosaka amene akutaya nthawi ndi bandulo yake, ndi wolemba wodziwa zinthu amene wakankhidwira ku tsamba lachinayi kumene safikako munthu.

Tsopano kwabwera nzeru zopangidwa za makompyuta, AI, zimene zimalemba tsamba la foni yokana kutchaja lija m'masekondi, pa mtengo wosaoneka. Mu Malichi 2024 Google inakhazikitsa malamulo oletsa kutulutsa masamba ochuluka ongofuna malo, kugula mayina a mawebusaiti akale pofuna kudyera mbiri yake, ndi kubwereka dzina la webusaiti yotchuka. Patangotha miyezi iwiri inayamba kuika pamwamba penipeni mayankho olembedwa ndi AI yake, otchedwa AI Overviews. M'masabata oyambirira, limodzi mwa mayankhowo linalangiza anthu kuthira guluu pa pizza kuti tchizi asagwe, litatola nthabwala yakale ya pa Reddit.

Zoseketsazo zinakonzedwa. Chimene sichinakonzedwe ndi pangano limene linagwirizira ntchito yonseyi kuyambira pachiyambi: inu lembani, ife tikutumizirani owerenga. Mu 2025 bungwe la Pew Research Center linapeza kuti anthu amene aona yankho la AI amadina linki ya zotsatira pa maulendo 8 mwa 100 alionse, pomwe amene sanalione amadina pa maulendo 15. Makampani a SEO asintha kale zikwangwani, akugulitsa luso lopangitsa kuti dzina la kasitomala litchulidwe m'mayankho a mapulogalamu a AI monga ChatGPT ndi Gemini. Wogulitsa katundu zimenezi zimamukwanira, poti iye akangotchulidwa wapindula. Wotulutsa masamba chikwi pa tsiku ndi pulogalamu nayenso sadandaula, masamba ake sanamudyere kanthu. Amene sangapirire ndi uja amagula makina oyeretsa mpweya aja ndi ndalama zake, n'kuwayesa kwa milungu, podalira kuti owerenga abwera kudzamubwezera zimene wawononga. Iyeyo ndiye ayamba kutseka, ndipo ndi kwa iyeyo kumene AI ija imatenga zoona zimene imayankha.